Wodwala wa m'Chipinda cha Nambala Sikisi

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene chinandichotsa ku Namitete nditagwirako ntchito zaka zambiri chotere, ndipo ine ndakhala ndikukuyankhani kuti tinasemphana ndi abwana. Sindinkanama, koma sindinkanena zonse. Tsopano ndapuma ntchito, nthawi ndili nayo, kope ndagula, ndiye ndilemba mmene zinayendera. Kalembedwe kanga ndi ka munthu wa Sitandade 7, muzingopirira.

Chaka choyamba pa ntchito, ku Nsaru

Sukulu ndinaisiya chifukwa cha mtima wanga. Aphunzitsi ena anandikwapula pa mlandu wa mnzanga, ine nkuwalanda chikoticho, nkuchithyola pabondo kalasi yonse ikuona. Ndinatuluka osabwereranso. Agogo anu, amene anali mkulu wa mpingo, anakhala sabata yathunthu osandilankhula, kenako anandipezera ntchito pa resitihausi ina ku Nsaru, ya mayi wina wa mpingo wathu amene tonse tinkangoti a Mayi. Ndinkasesa, kutungira alendo madzi osamba ndi kuchapa mabulangete kudambo. Mwezi wachiwiri wogula fodya wina anandiitana ndi likhweru ngati galu, ine ndinamuthira ndowa ya madzi kumapazi. A Mayi anandiitanira kuseri nati, "Iwe Mbewe, manja ako ndi abwino, koma mtima wako umathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Ntchito ya alendo imafuna munthu womeza malovu." Sanandichotse. Ndinakhala nawo zaka zisanu mpaka anamwalira, ana awo nkugulitsa malowo. Ndinagwirako pang'ono ku Kabudula, komwe ndinachoka nditakangana ndi mlamu wa bwana, kenako mnzanga wina woyendetsa lole anandiuza kuti ku Namitete kukufunika munthu.

Zaka za ku Namitete

Dzina la resitihausiyo sinditchula, ndipo mwini wake ndingomuti a Kalikokha. Anali ndi lole, chigayo ndi nyumba ya alendoyi, ya zipinda khumi zoyang'anizana, kolido pakati, khomo limodzi kumaso. Khomo lakumbuyo analitseka ndi njerwa chifukwa alendo ena ankatulukira kumeneko ndi mataulo. Mawindo onse anali ndi zitsulo. Alendo athu anali ogula fodya, madalaivala a msewu wa Mchinji, ndi anthu odikirira odwala awo pa chipatala cha mishoni. Patapita zaka ndinakhala manijala, ngakhale umanijala wake unali wogwira makiyi, kulemba alendo m'buku ndi kukonza mipope ikatha. Masana tinkakhala awiri, ine ndi a Nabanda, mayi wamasiye wa ku Nambuma amene ankasesa ndi kuphika.

Tsidya la msewu, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala a Dominiko, okonza njinga. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, Mkatolika wosajomba ku tchalitchi, ndipo ndi yekhayo pa Namitete amene ankandiseka ine osakwiya. M'mawa uliwonse ankakuwa, "A manijala! Lero mwatukwana angati?" Ine ndinkati, "Ndikudikira inu kuti ndiyambe." Iwo nkuseka, "Inu a Chipulesibiteriya kuyimba mumatha, koma kupsa mtima ndiye mphatso yanu." Njinga yanga ankaikonza osandiuza mtengo, nane ndinkawasungira zida zawo mu ofesi mvula ikamagwa.

Za nyumbayo ndinkawauza abwana kawirikawiri. Mawaya a mu siling'i anali atadyedwa ndi makoswe, ndipo babu la mu nambala faifi linkaphethira ndi kununkha mphira. Chitini chofiira chozimitsira moto chinali pakhoma pa resepushoni, koma chinali chopanda kanthu chigulireni. A Kalikokha ankayankha chimodzimodzi nthawi zonse: "A Mbewe, nyumba iyi ndinamanga inu musanamere ndevu. Yapsapo kangati?"

Chaka chimene petulo anasowa

Mukukumbukira inu akuluakulu mmene magalimoto ankandandalikirana pa malo omwetsera mafuta masiku angapo osasuntha. A Kalikokha anaona mwayi. Lole yawo inkabwera ndi petulo m'zigubu, iwo nkumagulitsa kwa a minibasi mobisa. Kunyumba kwawo anaopa apolisi, ku chigayo anaopa antchito, ndiye anasankha chipinda cha nambala sikisi, chifukwa windo lake linkayang'ana kumbuyo komwe lole inkaima. Anandipatsa kiyi nati, "Aliyense akafunsa, muziti muli mlendo."

Iwo anathera pomwepo. Zotsalazo ndinapeka ndine, ndipo ndikufuna muzimve bwino. A Nabanda anabwera ndi tsache nafuna kusesa mu sikisi, ine ndinafunika chifukwa chowaletsera. Ndinawauza kuti muli bambo wachikulire wa ku Kabudula, wodwala chifuwa chachikulu, amene achipatala amutulutsa koma achibale sanabwere kudzamutenga, ndipo madokotala aletsa anthu kumuyandikira. Ndinati ine ndekha ndi amene ndizilowa. Pansi pa chitseko ndinatchinga ndi chiguduli chonyowa, fungo likamveka ndinkati ndi la lole ija. M'mawa ndinkalowa ndi ndowa nkutuluka nayo, kuti zioneke ngati ndikutaya za wodwalayo.

Sindinaganize kuti a Nabanda ndi munthu wotani. Tsiku lotsatira anaphika phala lothira nsinjiro naliika pakhomo la sikisi, atavundikira ndi mbale. "Munthu wodwala chifuwa amafunika chotentha m'mimba," anatero. Ndinalitenga, ndinalowa nalo, ndinadya nditakhala pa chigubu. Zinatero masabata asanu. A Nabanda anakauza anzawo ku mjigo, anakauzanso a mphakati wawo, kagulu ka Akatolika a dera limodzi kamene kamayendera odwala, ndipo a Dominiko anali wapampando wake. Tsiku lina anawoloka msewu atanyamula phava la nthochi.

"Wodwala wanu uja ali bwanji kodi?"

"Akupezako bwino pang'onopang'ono."

"Dzina lawo ndani? Tiziwatchula m'mapemphero."

"A Phiri," ndinatero, dzina loyamba kundibwerera.

"Tikufuna tidzawaone Lamlungu."

"Madokotala aletsa, a Dominiko. Matendawa ndi opatsirana."

"Chabwino. Muwapatse izi, muwauze kuti sali okha eti."

Nthochizo ndinabwera nazo kunyumba. Ena mwa inu munadya nawo.

Lachinayi lina la mwezi wa Okutobala

Kunkatentha kwambiri, zigubu zinali zitafufuma. M'mawa a Kalikokha atabwera ndinawauza kuti achotse petuloyo tsiku lomwelo, chifukwa babu la mu faifi layambanso kununkha. Anandiyang'ana nati, pamaso pa dalaivala wawo, "Mwatopa nayo ntchito kodi? Anthu a Fomu 4 akuifuna kunjaku." Ndinawaponyera buku la alendo pamapazi, ndinanena mawu amene sindingalembe, ndinatuluka. Ndinakakhala pa bawo kuseri kwa msika, kiyi wa sikisi ali m'thumba. Iwo anakwera galimoto kupita ku tauni. Panyumba panatsala a Nabanda ndi mayi wina wa mwana mu nambala thuu, alendo ena onse atapita ku ntchito zawo.

Dzuwa lili paliwombo tinaona utsi. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi kwathu. Zimene zinachitika ndisanafike ndinazimva kwa anthu: moto unayambira mu siling'i pamwamba pa faifi, mayi wa mwana uja anatuluka bwinobwino, ndipo a Nabanda anathamangira pamsewu akukuwa, "Muli wodwala mu sikisi! Sangathe kuyenda! Thandizani!" Palibe anakayika, popeza Namitete yonse inkamudziwa wodwalayo. A Dominiko anatola nkhwangwa ya wogulitsa nkhuni, ananyika chiguduli mu beseni lawo loyesera machubu, anadzifunditsa kumutu, nalowa. Ine ndinatulukira pamsewu ndikuona msana wawo ukulowa mu utsi. Ndinakuwa kuti, "Mulibe munthu! Mulibe munthu!" koma phokoso la anthu linali lalikulu. Ndinamva nkhwangwa ikumenya chitseko katatu. Kenako kunaphulika, malata anakwera m'mwamba. Anyamata awiri anawakoka a Dominiko pakhomo, tinawanyamula pa chitseko kupita nawo ku chipatala cha mishoni. Anamwalira dzuwa lisanalowe. Ozimitsa moto ochokera ku tauni anapeza makoma okhaokha.

M'mawa mwake apolisi anabwera. A Kalikokha anali atandipeza kale mbandakucha, atasintha mawu, akunditchula kuti achimwene. Anati tinene kuti mu sikisi munali matiresi akale, penti ndi mafuta pang'ono a jenereta, ndipo palibe anatuma munthu kulowa. Ndinanena zomwezo, ndinasaina. A Nabanda anauza wapolisi za wodwala, wapolisi anatembenukira kwa ine. Ndinati, "Zimenezo sindikuzidziwa, bwana. Mwina mayiwa asokonezeka ndi mantha." A Nabanda anandiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pali yasa. Sabata yomweyo anabwerera kwawo ku Nambuma.

Popeza m'phulusa simunapezeke mtembo wa wodwala aliyense, anthu anayamba kufunsana kuti a Dominiko ankakatenga chiyani m'chipinda chokiya. Ena a mphakati ankanenabe za wodwala uja, koma ine manijala ndinali nditakana, ndipo palibe anamuonapo ndi maso. Posakhalitsa mbiri inamveka yoti ankafuna kuba katundu wa alendo moto usanafike. Ndinaimva mu minibasi, ndinaimva ku chigayo. Ine amene ndinathira munthu madzi chifukwa cha likhweru, apa ndinangokhala chete. Nyumba inamangidwanso, ndinabwerera pa ntchito yanga.

Chaka chachitatu moto utachitika

Mkazi wa a Dominiko, a Naphiri, anatsala ndi ana anayi, ndipo ankagulitsa tomato pa msika. Mbale wawo wina anawapezera loya ku tauni, nasumira a Kalikokha kukhoti lalikulu kuti apereke chipukuta misozi. Loyayo, mayi wachitsikana wovala magalasi, anandipeza kunyumba Loweruka lina. Anafotokoza mosavuta. Anati mbali ya abwana ikunena kuti malemuyo sanali mlendo wawo, sanali wantchito wawo, palibe anamutuma, moto anauona ndi maso ake nalowa mwa kufuna kwake, ndiye imfa yake ndi yake. "Koma lamulo silimathera pamenepo, bambo Mbewe," anatero. "Amene wayambitsa ngozi chifukwa chosasamala ayenera kudziwa kuti wina adzathamangira kukapulumutsa anzake. Wopulumutsayo akavulala, mlandu umabwerera kwa wosasamala uja. Chimene ndikusowa ndi umboni woti malemuwa anali ndi chifukwa chenicheni chokhulupirira kuti muli munthu. Mayi Nabanda akutero, koma chikalata chimene munasaina kupolisi chikuwatsutsa. Woona ndani?"

Ndinati ndiganize kaye.

A Kalikokha anamva kuti loya anabwera. Ananditengera pa galimoto yawo mpaka ku Njewa, nandionetsa loji yatsopano imene ankamanga, ya zipinda zokhala ndi bafa mkati. "Iyi ndi yanu, a Mbewe. Manijala weniweni, wa tayi." Pobwerera anawonjezera, maso ali pamsewu, "Komanso muzikumbukira kuti anasaina kupolisi ndinu. Za wodwalazo ine sindinakutumeni. Mukasintha mawu, woyamba kulowa m'chitokosi ndinu, ana anu adya chiyani?" Pa mbali ya wodwalayo ankanena zoona, nchifukwa chake zinandiwawa.

Ndinakhala masabata awiri ndikulusira aliyense panyumba, mwina mukukumbukira. Kenako ndinawauza amayi anu zonse, tili kumunda tikukolola chimanga. Anali asakudziwa kanthu. Anaimika ntchito, anakhala pa mzere, anati, "Nthochi zija zinali za a Dominiko?" Ndinavomera. Anati, "Bambo a Chikondi, phala la mayi wamasiye munadya, nthochi za malemu munatidyetsa. Tsopano mukufuna tidyenso dzina lawo, ku Njewako? Ine ndi ana anga sitidzapondako." Ndinakalipa kuti iwo sadziwa za ndende. Anayankha kuti ndende ali nayo kale m'nyumba, munthu wosaseka zaka zitatu. Lolemba ndinakwera minibasi kukamuona loya uja.

Kukhoti loya wa abwana ananditenga bwino. Ankayankhula Chingerezi, womasulira nkumandiuza.

"Munauza apolisi kuti za wodwala simukuzidziwa?"

"Ndinatero."

"Lero mukuti wodwalayo munamupeka ndinu?"

"Ndine."

"Ndiye ndinu munthu wabodza, eti? Khoti likukhulupirireni bwanji, munthu amene munathawa ntchito kukasewera bawo nyumba ikupsa?"

Ndinamva kutentha kukukwera m'khosi monga kale. Ndinagwira thabwa la kutsogolo kwanga ndi manja onse awiri, ndinadikira mpaka kutsike. Ndinati, "Bwana, ndinanama kawiri. Koyamba ndinanamiza a Nabanda ndi a Dominiko kuti muli munthu. Kachiwiri ndinanamiza apolisi kuti sindinanene. Lero palibe chimene ndipindula, ntchito yandithera kale." Ndinafotokoza za zigubu, za mawaya amene ndinkadandaula, za chitini chopanda kanthu, za khomo lotsekedwa ndi njerwa. A Nabanda anaperekanso umboni wawo, osandiyang'ana ngakhale kamodzi.

Chigamulo chinatuluka patapita miyezi. Woweruza anapeza kuti mwini nyumba sanasamale posunga petulo m'nyumba yogona anthu, pansi pa mawaya owonongeka, ndipo bodza la wantchito wake linali mbali ya ntchito yobisa petuloyo, choncho silikumuchotsera mlandu. Anati a Dominiko anachita zimene munthu wolimba mtima ndi woganiza bwino akanachita, ndipo analamula kuti banja lawo lipatsidwe chipukuta misozi. Ine apolisi anandiitana kukafotokoza za chikalata choyamba chija, ndinafotokoza, nkhaniyo sinapite patali. Koma pa msewu wonse wa Mchinji eni malo ogona anauzana kuti Mbewe ndi wogulitsa abwana ake. Ndinakhala chaka ndi theka ndikulima, mpaka bambo wina wa ku Mpingu ananditenga pa kanyumba kake ka zipinda zisanu, komwe ndagwira mpaka kupuma.

Mwezi wa Juni, chigamulo chitatuluka

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Tsiku lina a Naphiri anafika kunyumba, anakana kulowa, anaima pabwalo. Anati, "A Mbewe, zakukhoti zinali m'Chingerezi, ku tauni. Kumudzi kwa amuna anga sanazimve. Mwana wanga wamkulu akumutchulabe mwana wa mbava ku sukulu. Apongozi anga sapitanso ku maliro a anthu chifukwa cha manyazi. Zimene munanena kwa ajaji mukazinene kumeneko."

Kunena zoona, izi zinandiopsa kuposa khoti. Tinapita ndi amayi anu Lamlungu masana, anthu atatuluka ku Misa. Anasonkhana pakhomo pa mayi a malemu, a mphakati, achibale, ndi ena amene anangobwera kudzaona. A Nabanda anachokera ku Nambuma, anakhala pamphasa pakati pa amayi. Ndinawapatsa moni, sanayankhe, ndipo mpaka lero sanandiyankhe. Ndinaimirira, chipewa m'manja, ndinanena zonse kuyambira pa zigubu mpaka pa nkhwangwa. Mchimwene wa malemu ananyamuka kufuna kundigwira, amuna awiri anamukhazika pansi.

Mayi a malemu anali okalamba, osaona bwino. Anatembenuzira nkhope kumene mawu anga ankachokera.

"Ndiye m'chipindamo munalibe munthu?"

"Munalibe, amayi."

"Mwana wanga ankadziwa?"

"Sankadziwa. Analowa kukatenga wodwala. Sanalowere katundu wa munthu."

Anasisita bondo lawo. Kenako anati, "Nenaninso mokweza. Akumbuyoko sanamve."

Ndinanenanso.